Mafunso Anu: Gofu wa Pamchenga wa M'mbali mwa Nyanja

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kunyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo pafupifupi onse akukhudza mpikisano wa gofu wa The Open, umene umaonetsedwa pa wailesi yakanema pakati pa mwezi wa Julayi chaka chilichonse. Ndasankhapo asanu n'kuwafupikitsa, ndipo mayina a olemba ndawasiya monga mwa chizolowezi cha tsamba lino.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pamalo ena ogona alendo ku Senga Bay, ndipo alendo athu amakonda kuonera gofu madzulo. Mipikisano ya ku America imachitikira pa mabwalo obiriwira, a mitengo, maluwa ndi maiwe. Koma bwalo la The Open limaoneka ngati dambo la m'chilimwe: udzu wofiirira, mtengo palibe, zitunda zokhazokha. Kodi anthu a ku Britain alibe ndalama zothiririra bwalo lawo, kapena ndi kusasamala chabe? Ndine mayi wa ku Senga Bay, Salima.

YANKHO: Mayi, maso anu aona bwino, ndipo kufanizira kwanu ndi dambo la m'chilimwe sikunaphonye kwenikweni. Koma ndalama ali nazo, ndipo mabwalo amenewo amasamalidwa ndi anthu amene anaphunzira ntchito yawo mozama. Bwalo limene munaliona ndi la mtundu wotchedwa links, ndipo The Open, chiyambireni mu 1860 pa bwalo la Prestwick ku Scotland, imachitikira pa mabwalo a mtundu umenewu okha.

Mawu akuti links amachokera ku liwu la Chingerezi chakale lakuti hlinc, limene linkatanthauza chitunda. Anthu a ku Scotland ankatchula nalo kachigawo ka dziko kamene kali pakati pa nyanja ya mchere ndi minda. Mchenga umene mafunde ankasiya pagombe, mphepo inkaunyamula n'kuuunjika kumtunda kwa zaka masauzande ambiri, mpaka panapangika milu ndi timakwawa. Udzu wa mizu yaitali wotchedwa marram unagwira miluyo kuti isamayendeyende, ndipo kuseri kwake, kumene mphepo inkachepako, kunamera udzu wa masamba opyapyala ngati tsitsi, umene mitundu yake yodziwika ndi fescue ndi bent. Mlimi sakanakolola kanthu pamalo otero, chifukwa nthaka yake ndi yosauka ndipo mphepo yake imabwera ndi mchere. Motero malowo anasiyidwira nkhosa ndi akalulu, zimene zinkadya udzu n'kuusiya waufupi ngati wometedwa, komanso anthu a m'tauni amene ankayanikapo zovala ndi maukonde, n'kumachitirapo masewera awo. Inu amene mumaona asodzi akuyala maukonde pamchenga ndi ana akumenya mpira chapafupi, mukudziwa kale mmene malo opanda mwini weniweni amakhalira a aliyense.

Gofu anabadwira pamalo otero. Mu 1457 nyumba ya malamulo ya Mfumu James II ya ku Scotland inaletsa gofu ndi mpira wa miyendo poona kuti amuna akunyalanyaza kuphunzira kuponya mivi, ndipo lamulo limeneli ndi umboni wakuti masewerawa anali atafala kale. Mu 1552 ku St Andrews, tauni ya ku Scotland komweko, kunalembedwa chikalata chotsimikiza ufulu wa anthu a m'tauniyo wosewera gofu pa links yawo. Palibe amene anajambula bwalolo papepala pachiyambi. Anthu ankangotsatira malo amene udzu unali waufupi, n'kukumba kadzenje pamene panali posalala.

Tsopano za mtundu wa udzu. Mchenga susunga madzi, choncho mvula ikagwa imalowa pansi msanga, ndipo kukachita ng'amba kwa milungu ingapo udzu wa fescue umafiirira n'kugona, osafa ayi. Osamalira mabwalowa amathirira mochepa ndipo feteleza amathira pang'ono mwadala, chifukwa akachulukitsa madzi ndi chakudya, udzu wina wa masamba okhuthala umalowerera n'kupitikitsa wa mwini malo, nthaka n'kufewa, ndipo bwalo limataya khalidwe lake lonse. Chimene iwo amafuna ndi nthaka yolimba imene mpira umathamangapo. Mu 2006 bwalo la Royal Liverpool ku Hoylake linauma mpaka kuoneka ngati msipu wa mwezi wa Okutobala kwathu kuno, ndipo mu 2018 la Carnoustie linachitanso chimodzimodzi. Okonda gofu wa mtundu umenewu anakondwera zaka zonse ziwirizo.

Mitengo ndi yosowa chifukwa mphepo ya mchere siilola kuti ikule. M'malo mwake muli zitsamba za minga zotchedwa gorse, za maluwa achikasu, zimene ndingazifanizire ndi lunguzi wathu: zokongola ukaziona patali, koma mpira ukalowamo, munthu wanzeru amangousiya n'kulandira chilango. Ine ndimaona kuti kukongola kwa mabwalowa kumafuna kuti diso lizolowere, monga mmene mlendo wochokera kumapiri a Dedza amayamba waona gombe lathu ngati mchenga wachabe, mpaka ataliona dzuwa likutuluka.

FUNSO: Ndakhala ndikusewera gofu kwa zaka zingapo pa bwalo la Kasasa kuno ku Dwangwa. Anandiphunzitsa kuti mpira wabwino ndi umene wakwera m'mwamba n'kutera pafupi ndi mbendera. Koma pa The Open ndimaona akatswiri akumenya mpira wotsika, ena akuukunkhuniza pansi kuchokera kutali ndi green (malo osalala a udzu waufupi ozungulira kadzenje), ena akusiya ndodo yaikulu ya driver m'chikwama. N'chifukwa chiyani? Ndine bambo wa ku Dwangwa, Nkhotakota.

YANKHO: Bambo, amene anakuphunzitsani sanalakwe, chifukwa pa mabwalo a kumtunda, amene nthaka yake ndi yofewa ndipo udzu wake ndi wothiriridwa, mpira ukatera umaima chapafupi, ndipo ntchito ya wosewera ndi kudziwa mtunda n'kusankha ndodo yoyenera. Pa links funso loyamba limasintha. Wosewera samangofunsa kuti mbendera ili patali bwanji, koma amafunsa kuti mpira ugwere pati kuti, ukadumpha ndi kugudubuzika, ukaime pamene iye akufuna. Nthaka ikauma mpira ukhoza kuthamanga mamita makumi angapo utatera kale, ndipo chifukwa bwalo lonse ndi timitumbira ndi timaenje, sumathamanga molunjika. Mpira wotera pa mbali ina ya kachitunda umapita ku mbendera, ndipo wina wotera phazi limodzi kuchokera pamenepo umapatukira mu nkhuti ya mchenga.

Pali zifukwa zinanso ziwiri zochititsa kuti mpira wapansi ukhale wanzeru. Choyamba ndi mphepo, imene imakula mukamakwera m'mwamba, moti mpira wokwera umakhala m'manja mwake nthawi yaitali. Chachiwiri ndi kufupika kwa udzu. Pa bwalo ngati lanulo mpira umakhala pamwamba pa kapinga ngati pa mkeka, ndipo ndodo yokweza mpira imalowa pansi pake mosavuta. Pa links mpira umakhala pafupifupi pa nthaka yeniyeniyo, ndipo mukaphonya pang'ono chabe, ndodo imadumpha panthaka yolimbayo n'kumenya mpira pamimba, mpirawo n'kuwoloka green yonse. N'chifukwa chake katswiri amene ali mamita 20 kapena 30 kunja kwa green amatha kutenga putter, ndodo imene inu mumaigwiritsa ntchito pafupi ndi kadzenje pokha. Todd Hamilton wa ku America anapambana The Open ya 2004 ku Royal Troon, kugonjetsa Ernie Els pa masewera owonjezera, ndipo chida chake chodalirika pozungulira green chinali ndodo ya hybrid, yopangidwira kumenya mpira wopita patali, imene iye ankakunkhuniza nayo mpira pansi.

Za driver, chitsanzo chodziwika ndi cha Tiger Woods ku Hoylake mu 2006. Pa masiku anayi a mpikisano, maenje 72, iye anatulutsa driver kamodzi kokha. Anaona kuti nthaka youmayo ikupatsa mpira mtunda waulere, ndiponso kuti ngozi yaikulu inali nkhuti za mchenga zimene zinali pamene driver ikanafikitsa mpira. Choncho ankamenya ndi ndodo zachitsulo, n'kuimitsa mpira nkhutizo zisanafike, ndipo anapambana.

Ndiyenera kuvomereza kuti gofu wotere amakwiyitsa anthu ambiri poyamba, chifukwa umatha kumenya bwino n'kulandira zoipa, mnzako n'kumenya molakwika mpira wake n'kudumphira pabwino. Bobby Jones, mmodzi mwa akatswiri otchuka m'mbiri ya masewerawa, anakwiya ku St Andrews mu 1921 mpaka anasiya mpikisano pa dzenje la 11. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1927, anabwerera n'kudzapambana pa bwalo lomwelo, ndipo pambuyo pake analikonda kwambiri moti mu 1958 tauni ya St Andrews inamupatsa ulemu wokhala mfulu ya mzindawo.

Nkhani imene ine imandikhudza kwambiri ndi ya Tom Watson, amene anapambana The Open kasanu. Mu 2009 ku Turnberry, ali ndi zaka 59, anafika pa dzenje lomaliza akutsogola (pa gofu amapambana ndi amene wamenya mpira kochepa), akufunika kungolimaliza ndi kumenya kanayi kuti atenge chikho. Mpira wake wachiwiri anaumenya bwino, unatera kutsogolo kwa mbendera, koma nthaka yolimba inaukankha n'kuwoloka green. Anamaliza ndi kasanu, ndipo anagonja kwa Stewart Cink pa masewera owonjezera. Nkhaniyi ikuonetsa mbali zonse ziwiri za links. Nthaka yomweyo imene inalola munthu wachikulire kulimbana ndi anyamata a msinkhu wa ana ake, popeza pamenepo nzeru ndi kuleza mtima zimalipira kuposa mphamvu, ndiyo inamulanda chikho pa mphindi yomaliza.

Ngati mukufuna kulawako, dikirani miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pamene nthaka ya kwanuko yauma. Mukakhala mamita 40 kuchokera pa green, siyani wedge, ndodo yokweza mpira, tengani 7 iron, yachitsulo yosakweza mpira kwambiri, ikani mpira chakumbuyo pang'ono pafupi ndi phazi lakumbuyo, manja akhale patsogolo pa mpira, ndipo menyani mwachidule osakweza ndodo kwambiri. Mukamamenya moyang'anizana ndi mphepo, tengani ndodo yopita patali kuposa imene mtunda ukufuna n'kumenya mofatsa, chifukwa kumenya mwamphamvu kumazunguliritsa mpira kwambiri ndipo mphepo imaukweza m'mwamba n'kuubweza.

FUNSO: Ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa anaona wosewera wina ali m'dzenje la mchenga lakuya moti mutu wokha ndiwo unkaoneka, ndipo anamenya mpira chobwerera m'mbuyo. Anandifunsa chifukwa chake ndipo ndinasowa chowayankha. Ndine mphunzitsi wa pa boma la Nkhotakota.

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni anawo kuti nkhuti za mchenga zimenezo, zimene osewera amazitcha bunker, zimakhala zazing'ono ndi zakuya pa links chifukwa cha mphepo. Nkhuti yotambalala ndi yosaya, ngati zimene mumaona pa mabwalo a ku America, mphepo ya kunyanja ikhoza kuikokolola mchenga wonse. Khoma lake lakutsogolo amalimanga posanjikiza zidutswa za udzu wokhala ndi dothi lake, chimodzi pamwamba pa chinzake monga mmene mmisiri amayalira njerwa, ndipo limaima pafupifupi chilili. Mpira ukatsamira khoma limenelo palibe ndodo imene ingaukweze kupita kutsogolo, ndiye wosewera amatulukira cham'mbali kapena cham'mbuyo, n'kuvomera kuti wataya kumenya kumodzi. Anthu a kumeneko amakonda kunena kuti nkhuti zoyambirira zinakumbidwa ndi nkhosa pobisala mphepo kuseri kwa zitunda, ndipo maenjewo anakula chifukwa mipira inkagudubuzikira komweko n'kumamenyedwa pamalo amodzimodzi. Nthaka yozungulira nkhuti nthawi zambiri imatsetserekera mkati, moti nkhuti yooneka yaing'ono imameza mipira yotera patali ndithu.

Bwalo lakale la St Andrews, lotchedwa Old Course, lili ndi nkhuti 112, ndipo zambiri zili ndi mayina. Ina ya pa dzenje la 14 imatchedwa Hell, kutanthauza Gehena, ndipo mu 1995 Jack Nicklaus anamenya kanayi kuti atulukemo, n'kumaliza dzenjelo ndi kumenya 10. Ina yaing'ono ili pambali pa green ya dzenje la 17, ndipo mu 1978 Tommy Nakajima wa ku Japan, amene mpira wake unali kale pa green, anaukunkhuniza n'kugwera m'menemo, namaliza ndi 9. Pa bwalo lomwelo mu 2000 Tiger Woods anasewera maenje 72 osalowa mu nkhuti ngakhale imodzi, ndipo anapambana mosiyana ndi wachiwiri wake ndi kumenya 8. Anawo akhozanso kusangalala kumva za dzenje la 8 la ku Royal Troon, la mayadi 123 okha, pafupifupi mamita 112, limene green yake ndi yaing'ono moti analitcha Postage Stamp, kutanthauza sitampa ya pakalata, ndipo lazunguliridwa ndi nkhuti zakuya zimene zachititsa manyazi akatswiri ambiri.

FUNSO: Ine ndine msodzi. Mwera ukakula sitilowa m'nyanja, timakokera mabwato kumtunda. Koma ndinaona anthu a gofu akusewera mphepo ikuwomba, mvula ikugwa, maambulera akuthyoka. Kodi iwo alibe tsiku lakuti lero kwaipa, tisiye? Ndine bambo wa ku Chipoka, Salima.

YANKHO: Bambo, mwa onse amene andilembera, inu ndi amene mungamvetse gofu wa links msanga, chifukwa moyo wanu ndi wowerenga mphepo. N'zochititsa chidwi kuti The Open imachitika mu Julayi, mwezi womwewo umene mwera umakhala utafika pachimake kwathu kuno, moti pamene inu mwakhala padoko kusoka maukonde podikira kuti nyanja itsike, anzanu a ndodo aja ali pakati polimbana ndi mphepo yawo.

Masewera amaimitsidwa pa zifukwa zochepa: kukachita ziphaliwali, madzi akadzaza pa green, kukagwa nkhungu yakuti munthu saona kumene akumenya, kapena mphepo ikakula mpaka mpira woikidwa pa green uyambe kuyenda wokha. Zoterezi zinachitika ku St Andrews mu 2015, pamene masewera a Loweruka anaima kwa maola ambiri, mpikisano n'kutha Lolemba m'malo mwa Lamlungu. Kupatula pamenepo, mphepo ndi mbali ya masewerawo, ndipo bwalo la links lopanda mphepo akatswiri a masiku ano amalipeputsa kwambiri.

Kuti muone mphamvu yake, tengani chaka cha 2010 ku St Andrews komweko. Rory McIlroy anamaliza maenje 18 ndi kumenya 63 tsiku loyamba kuli bata, ndipo tsiku lotsatira, atayamba masana mphepo itakula, anamenya 80 pa bwalo lomwelo ndi ndodo zomwezo. Louis Oosthuizen wa ku South Africa anali atasewera m'mawa mphepo isanafike pachimake, ndipo anapambana mpikisanowo mosiyana ndi wachiwiri wake ndi kumenya 7. Mu 2002 ku Muirfield chimphepo cha mvula chinapeza Tiger Woods ali pabwalo tsiku lachitatu, ndipo anamenya 81. Ena amadandaula kuti zimenezi si chilungamo, popeza nthawi yoyambira amachita kukupatsa. Inu mukudziwa kuti amene wapalasa m'bandakucha ndi amene wapalasa dzuwa litakwera sapeza nyanja imodzi, ndipo palibe amene amakasuma kwa mfumu chifukwa cha zimenezo.

Kamangidwe ka mabwalowa kamawonjezera vutoli. Popeza malo a links ndi kamzere kopapatiza kotsata gombe, mabwalo ambiri akale amapita molunjika kutali ndi nyumba ya kalabu kwa maenje 9, n'kubwerera kwa maenje 9 ena. Ngati popita mphepo inali kumsana, pobwerera muli nayo kumaso kwa maola awiri athunthu, ndipo tsoka lake ndi lakuti nthawi zina imatembenuka pamene inunso mukutembenuka. Dzenje limene dzulo munafika pa green ndi ndodo yaifupi, lero mwina simufikapo ngakhale ndi yaitali. Ku St Andrews malowo ndi opapatiza moti opita ndi obwerera amagawana green: pali ma green 7 aakulu amene lililonse lili ndi mbendera ziwiri, ndipo manambala a maenje ogawanawo ukawaphatikiza amakwana 18, monga 2 ndi 16, kapena 7 ndi 11. Chiwerengero cha 18 chomwecho chinachokera kumeneko. Bwalolo linali ndi maenje 22 mpaka mu 1764, pamene anaphatikiza ena aafupi n'kutsala 18, ndipo m'kupita kwa nthawi dziko lonse linatengera.

Chinanso chimene mungachizindikire ndi udindo wa munthu wonyamula ndodo, amene amatchedwa caddie. Pa links nthawi zambiri mbendera imabisika kuseri kwa mulu wa mchenga, ndipo mlendo sadziwa koloza. Caddie wa pamalopo amamuuza kuti aloze pa denga la nyumba yakuti kapena pa nsanja ya tchalitchi, ndipo amadziwa mmene mphepo ya mbali iliyonse imasinthira dzenje lililonse. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya msodzi wachikulire amene amapeza malo a utaka poyang'ana phiri ndi chilumba, popanda chida chilichonse m'manja.

FUNSO: Kuno ku Salima tili ndi mchenga, tili ndi nyanja, tili ndi mwera, ndipo alendo amabwera kuchokera ku Lilongwe sabata iliyonse. Kodi sitingamange bwalo la links lathulathu n'kukopa alendo a kunja? Ndine wabizinesi wa pa boma la Salima.

YANKHO: Bambo, maganizo anu si achilendo, ndipo ena anayesapo kale m'mbali mwa nyanja ya madzi opanda mchere. Ku Wisconsin, m'dziko la America, pagombe la nyanja ya Michigan, kuli bwalo la Whistling Straits limene linatsegulidwa mu 1998. Malowo anali athyathyathya, ndipo kale panali msasa wa asilikali, koma katswiri wojambula mabwalo Pete Dye anatutirapo mchenga wochuluka n'kuumba milu ndi nkhuti mazanamazana, mpaka anaikapo ndi nkhosa kuti paoneke ngati ku Ireland. Bwaloli lachititsa mipikisano ikuluikulu, kuphatikizapo Ryder Cup ya 2021, mpikisano wa pakati pa timu ya America ndi ya ku Ulaya. Komabe odziwa gofu amati limaoneka ngati links koma silisewereka ngati links, chifukwa mpira suthamanga pansi monga umachitira kwawo kwa masewerawa. Mbali inayi, bwalo la Royal Lytham & St Annes ku England lazunguliridwa ndi nyumba ndi njanji, nyanja simuiona n'komwe, koma palibe amene amakana kuti ndi links, chifukwa pansi pake ndi mchenga wa milu yakale. Phunziro la zitsanzo ziwirizi kwa munthu wofuna kuikapo ndalama ndi lakuti chofunika kufufuza ndi nthaka ndi udzu, osati maonekedwe a madzi.

Pa nthaka, gombe lathu lili ndi mwayi pang'ono, pakuti pali malo ena a mchenga wakuya. Koma kuseri kwa mchengawo nthawi zambiri kuli madambo a dothi lamakande, amene amadzaza madzi m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, abwino kwa mpunga wa ku Lifuwu koma osayenera gofu wa mtundu umenewu. Pa udzu ndiye pali vuto lenileni. Fescue ndi udzu wa kumalo ozizira kumene mvula imagwa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo sungapirire kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala. Udzu umene ungakhale bwino kuno ndi kapinga ndi abale ake, umene umayanga n'kupanga mkeka wokhuthala wogwira mpira, makamaka m'miyezi ya mvula pamene umakula tsiku ndi tsiku. Kuyambira Juni mpaka Okutobala, kapinga atauma ndipo mwera ukuwomba, mukhoza kupeza masewera oyandikira links ndithu, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi lingakhale bwalo lina. Muganizirenso kuti nyanja yathu imakwera ndi kutsika pa zaka, ndipo amene anaona madzi akulowa m'nyumba za m'mbali mwa gombe mu 2024 sangaike green pafupi ndi mafunde.

Mabwalo a links enieni ndi mazana ochepa chabe mwa mabwalo a gofu opitirira 30,000 a padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ali ku Scotland, Ireland ndi England. Mu Africa muno lodziwika ndi la Humewood ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth, kumene mphepo ya nyanja ya mchere siipuma. Kuchepa kwa mabwalowa sikunalepheretse ana a kum'mwera kwa Africa kupambana The Open: Bobby Locke anaitenga kanayi pakati pa 1949 ndi 1957, Gary Player katatu, mu 1959, 1968 ndi 1974, Nick Price wa ku Zimbabwe mu 1994, Ernie Els mu 2002 ndi 2012, ndi Oosthuizen amene ndamutchula kale. Ine ndimakhulupirira kuti kukulira pa mabwalo ouma a m'chilimwe cha kuno, pamene mpira umadumpha ndi kuthamanga, kunawathandiza.

Malangizo anga ndi akuti musalonjeze alendo dzina limene nthaka singalikwaniritse, chifukwa munthu amene wasewerapo ku Scotland adzazindikira pa dzenje loyamba. Bwalo la m'mbali mwa nyanja ya Malawi likhoza kukhala ndi khalidwe lakelake, monga mmene la Mlambe ku Mangochi, la maenje 9, limadziwikira ndi milambe yake. Chimene mungabwereke ku links ndi kaganizidwe kake: kutsatira zitunda zimene zilipo kale m'malo mozisalaza, kuthirira green zokha n'kusiya kwina kufiirire, ndi kusiya khomo lotseguka kutsogolo kwa green iliyonse kuti mpira wapansi uzitha kulowa. Bwalo lotero limadya madzi ochepa ndi ndalama zochepa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti muchiganizire musanayeze malo. Old Course ya ku St Andrews, bwalo lotchuka kuposa onse, si ya kalabu ya anthu olemera. Ndi malo a anthu onse, oyendetsedwa ndi bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo, ndipo Lamlungu lililonse, kupatula pa nthawi ya mipikisano ikuluikulu, gofu saseweredwa, anthu a m'tauni amayendapo ndi ana awo ndi agalu awo. Pakati pa dzenje loyamba ndi lomaliza pamadutsa kamsewu kopita kugombe, ndipo osewera amadikira kuti odutsa adutse. Gombe la Salima lili kale ndi mipanda yambiri imene yatalikitsa njira ya amayi opita kukachapa ndi asodzi opita kudoko, ndipo bwalo la maenje 18 limafuna mahekitala makumi angapo. Mukakakhala pansi ndi mafumu ndi a khonsolo, funso la kumene anthu azidzadutsa ndi kumene mabwato azidzakocheza liyambe kuyankhidwa mapu a maenje asanajambulidwe.